Nkhondo ya ku Iraq ndi thandizo la ma ARV zinatuluka pakamwa pamodzi: Mkhristu anene chiyani?

Mphunzitsi wopuma, Mchinji:

Abale ndi alongo, ndithandizeni nzeru. Ndimatsogolera phunziro la Baibulo la abambo pa mpingo wathu, ndipo mwezi uno tili m'buku la Amosi. Pali funso lomwe likundisowetsa tulo.

Pa 28 Januwale 2003, Pulezidenti George W. Bush analankhula kwa aphungu a dziko la America. Usiku umenewo analonjeza madola 15 biliyoni a zaka zisanu olimbana ndi Edzi, omwe anabala PEPFAR, ndondomeko ya boma la America yothandiza maiko ena pa matendawa. Asanakhale pansi ananenanso kuti Saddam Hussein, mtsogoleri wa Iraq, wakhala akufunafuna uranium wopangira mabomba a nyukiliya kuno ku Africa, ndipo anali kukonzekeretsa anthu ake kunkhondo. Pa 20 Malichi mabomba anayamba kugwa pa Baghdad, likulu la Iraq. Zida zoopsa zomwe ankanena kuti Saddam ali nazo sizinapezeke mpaka lero.

Mlongo wanga ali moyo chifukwa cha ma ARV. Tinkachita kumutembenuza pamphasa, m'kamwa muli zilonda zokhazokha moti ngakhale phala linkamukanika. Panopa amalima mtedza ndipo akulera zidzukulu. Tsono ine ndingaimirire pamaso pa anzanga n'kunena kuti nkhondo ija inali tchimo? Komanso, kodi dziko limachimwa, kapena amachimwa ndi munthu yekha?

Mkulu wa mpingo, Ndirande:

Aphunzitsi, ine ndikuti tisasakanize zinthu. Boma si mpingo. Pamene Ambuye ananena za kutembenuza tsaya lina ankauza ophunzira awo, osati mkulu wa asilikali. Paulo pa Aroma 13 akuti wolamulira sagwira lupanga kwachabe. Mtsogoleri ali ndi anthu oti awateteze, ndipo sangapereke tsaya la ana a eni.

Tikumbukire kuti pa 11 Sepitembala 2001 anthu pafupifupi 3,000 anaphedwa ndi zigawenga tsiku limodzi m'dziko la America lomwelo. Saddam nayenso sanali mwana wabwino: mu 1988 anapha anthu a mtundu wa Kurd pafupifupi 5,000 ndi mpweya wa poizoni ku Halabja. Munthu amene anachitapo zotere, akamabisa zinthu, mukanakhala inu mukanadikira? Bush analakwitsa pa zomwe anauzidwa, zimenezo ndikuvomera, koma kulakwitsa ndi kuchimwa n'zosiyana. Ndipo kunena zoona, ife amene bajeti yathu ya zaumoyo imayang'ana kunja, pakamwa pathu pazichepako.

Katekisiti, Dedza:

Akuluakulu a ku Ndirande, mundikhululukire, koma Aroma 13 yemweyo akuti wolamulira ndi mtumiki wa Mulungu. Mtumiki amafunsidwa ndi mwini ntchito. Lupanga anapatsidwa, inde, koma lili ndi malamulo ake.

Mpingo sunanene kuti boma lisamenye nkhondo. Kuyambira kwa Augustine mpaka Thomas Aquinas, Akhristu anakhala pansi n'kufunsa kuti nkhondo yovomerezeka ndi yotani. Katekisimu wathu, pa nambala 2309, akuti choipa chimene mdani akuchita chikhale chachikulu, chokhalitsa ndiponso chotsimikizika. Njira zina zonse zikhale zitakanika. Pakhale chiyembekezo chenicheni chopambana. Ndipo nkhondoyo isabale zoipa zoposa zimene ikufuna kuthetsa. Muyeso umenewu ndi wa maboma, si wa munthu payekha.

Tiyeseni Iraq pamenepo. Chotsimikizika chinalipo? Akatswiri a United Nations, otsogozedwa ndi Hans Blix, anali m'dzikomo akufufuza, sanapeze kanthu, ndipo ankapempha nthawi ina. Ndiye njira zina zinali zisanathe. Iraq sinalinso ndi dzanja pa za 11 Sepitembala.

Chimene chimandipweteka n'chakuti Bush anachenjezedwa nkhondo isanayambe, ndi Akhristu anzake. Papa John Paul II anatuma Kadinala Roger Etchegaray ku Baghdad mu Febuluwale, kenako Kadinala Pio Laghi ku White House pa 5 Malichi, tsiku la Phulusa, atanyamula kalata. Mabishopu a mpingo wa Bush yemwe, United Methodist, anatsutsa. Ndisabise, analipo ena omwe anadalitsa nkhondoyo: Richard Land wa mpingo wa Southern Baptist ndi anzake analemba kalata mu Okutobala 2002 yonena kuti ndi yolungama. Koma onani, ngakhale iwowo anagwiritsa muyeso womwewu. Palibe mbali imene inati Baibulo lilibe mawu pa nkhaniyi.

Nanga zipatso zake? Anthu a ku Iraq anafa mazanamazana a zikwi, ambiri a iwo Asilamu, ndipo magazi awo ndi amodzi ndi athu. Za Akhristu ndinene padera chifukwa sitizimva kawirikawiri. Nkhondo isanayambe analipo pafupifupi 1.5 miliyoni, mipingo yakalekale imene imapemphera m'chinenero chapachibale ndi chimene Yesu ankalankhula. Lero atsala ochepera kotala la chiwerengerocho. Bishopu wamkulu wa ku Mosul, Paulos Faraj Rahho, anagwidwa mu 2008 n'kupezeka atafa. Pa 31 Okutobala 2010 zigawenga zinalowa m'tchalitchi ku Baghdad Misa ili mkati, anthu oposa 50 n'kuphedwa. Mu 2014 gulu la ISIS litalanda Mosul, Akhristu anauzidwa kuti asinthe chipembedzo, alipire msonkho, kapena aphedwe, ndipo anathawa mzinda wonse. Pamene Papa Francis anakafika kumeneko mu Malichi 2021, anapemphera pakati pa mabwinja a matchalitchi. Ngati zimenezi si zoipa zoposa zimene ankafuna kuthetsa, ndiye sindidziwa kuti mawuwo amatanthauza chiyani.

Namwino, Lilongwe:

Bambo aphunzitsi, ndayamba ndathokoza Mulungu chifukwa cha achemwali anuwo. Ine ndiyankha za mankhwala, poti ndi kumene ndimaswera.

Ma ARV aulere kuno anayamba mu 2004, makamaka ndi ndalama za Global Fund, ndipo America ndiye amaponya zambiri m'thumba limenelo. PEPFAR inagwira kwambiri mbali ya antchito, zoyezera magazi ndi kulondola odwala omwe asiya kubwera. Zimenezi ndi zabwino, ndipo tizitchule kuti zabwino mosachita manyazi. Koma pamene mukuti "anachita chifundo, Mulungu awadalitse," mwaweruza kale ndi muyeso wa Chikhristu. Muyesowo sungagwire poyamika pokha, pofika podzudzula n'kuupinda kuika m'thumba.

Ndipo nkhani sinathere mu 2003. Pa 20 Januwale 2025 Pulezidenti Donald Trump anasaina lamulo loimitsa thandizo lakunja kwa masiku 90, kenako USAID, bungwe la boma la America lopereka thandizo kumaiko ena, inatsekedwa. Ndinaona anzathu ogwira ntchito m'mabungwe atauzidwa kuti asabwere mawa lake, ndi amayi atakhala pabenchi, buku lachipatala lili m'manja, akufunsa ngati apatuleko mapilitsi ena osungira mtsogolo. Ndalama ndi zawo, sindikana, ndipo boma lathu linazolowera kutsamira. Koma ukamuyambitsa munthu mankhwala omwa moyo wonse, walowa naye m'pangano. Kusiya pang'onopang'ono mutapangana ndi kwina, kudula tsiku limodzi ndi kwinanso. A ku Ndirande, pamenepanso titseke pakamwa?

Mphunzitsi wopuma, Mchinji:

Zikomo nonse. Amayi anamwino, mawu anu a pangano andibwezera kwa Amosi. Mneneri uja asanafike kwa Israeli akuyamba ndi maiko ena amene analibe chilamulo cha Mose: Damasiko, Gaza, Turo, Edomu, Amoni, Moabu. Milandu yake ndi ya momwe ankachitira ndi anthu a maiko ena. Gaza anagulitsa midzi yathunthu ku ukapolo. Amoni anatumbula amayi apakati a ku Gileadi kuti akuze malire ake. Turo sanakumbukire pangano la ubale. Choncho pa funso loti dziko limachimwa, Amosi sakuzengereza. Danieli nayenso ankatumikira kunyumba ya Nebukadinezara, komabe anamuuza pamaso kuti aleke zoipa zake ndi kuchitira chifundo osauka.

Akulu a ku Ndirande, pa za Halabja mwanena zoona, ndipo ndidzaziwerenga kwa abambo anzanga momwe mwalembera. Pamene sindikugwirizana nanu ndi poti wolandira thandizo akhale chete. Mu Novembala 1914, nkhondo itafika ku Karonga, John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kufunsa chifukwa chimene osauka a kuno ayenera kufera nkhondo ya Britain ndi Germany, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Anali mbusa wophunzira ku America, mishoni yake yothandizidwa ndi Abaptist akuda a kumeneko, wokhala pansi pa ulamuliro wa amene ankawafunsawo.

Loweruka ndidzanena zonse ziwiri: kuti PEPFAR inali ntchito ya chifundo imene inadzutsa mlongo wanga, ndi kuti nkhondo ya ku Iraq sinali yolungama. A Katekisiti, ngati muli nayo ndime 2309 ija m'Chichewa, ndilembereni pano yonse. Ife a CCAP sitinazolowere Katekisimu wanu, ndipo ndikufuna abambowo adzaiyese okha, mfundo ndi mfundo.