Madatabase a ku laibulale andiimitsa mutu, anzathu mumasetcha bwanji?

Nachisale22:
Abale ndithandizeni pano zandivuta. Ndili chaka chomaliza ndipo supavayiza wandibwezera chaputala 2 yonse, akuti zomwe ndalemba ndangotola pa mabulogu ndi Wikipedia, iwo akufuna ma article a m'majenolo basi. Ndiye ndinapita pa webusaiti ya laibulale yathu ndakapeza mndandanda wautali, JSTOR, EBSCOhost, ScienceDirect, Emerald, Taylor & Francis ndi ena ambirimbiri moti sindikudziwa kuti ndiyambire pati. Ndinalowa pa EBSCO nkutaipa mutu wa risechi yanga wonse mmene ulili, ndi za kusagona mokwanira ndi kakhozedwe ka ophunzira pa mayeso, inandipatsa ziro. Nditachotsako mawu ena yandikhuthulira masauzande, zina za makoswe a mu labu. Chinanso, ndikakhala pasukulu PDF imatseguka bwinobwino koma ndikangofika kunyumba article yomweyo akuti lipirani ndi khadi. Kodi ndikuphonya pati?

WapaDesiki:
Achemwali musalipire, ndikubwereza musalipire, koleji inalipira kale kudzera mu fizi yanu yomweyo. Ndimagwira ntchito mu laibulale ndipo funso la kunyumbali timalimva sabata iliyonse. Mukakhala pa WiFi ya pasukulu, a jenolo amaona IP address ya koleji, nambala yozindikiritsa netiweki yomwe mulipo, nkudziwa kuti uyu ndi wathu, chitseko chimatseguka chokha. Kunyumba muli pa netiweki ina ndiye amakuonani ngati mlendo aliyense. Ndi chifukwa chake makoleji amakhala ndi njira yolowera uli kutali, ena EZproxy, ena OpenAthens, ena MyLOFT, ena VPN, funsani kuti kwanuko ndi iti ndipo akupatseni akaunti. Mukatero nthawi zonse muziyambira pa peji ya laibulale, mulowe ndi pasiwedi kenako mudine linki ya database kuchokera pamenepo, osati kutsegula Google nkulemba JSTOR. Zikatheka mudzaona dzina la koleji yanu penapake pamwamba pa peji.

Koma chonde pasiwediyo osagawa ku gulu la WhatsApp, komanso osadawuniloda jenolo yonse kuyambira voliyumu 1 ngati mukututa. Makina awo akaona zimenezo amatseka koleji yonse, osati inu nokha, ndiye ife timakhalira kulemba makalata opepesa anthu ali pamzere kutikalipira.

Kamfana_wa_Stats:
Za ziro zija ndinadutsamo, vuto ndi loti mukuyankhula nayo ngati Google. Google imayesa kumva zomwe ukutanthauza, database ayi, imangoyang'ana ngati mawu omwe wataipawo alimo mu mutu, mu abstract (chidule cha article) kapena mu ma subject, ndiye ukaipatsa chiganizo cha mawu 15 palibe article yomwe ingakhale ndi onsewo.

Tengani pepala muduledule mutu wanuwo. Ine ndikuonamo zinthu zitatu, tulo, kukhoza, ophunzira. Pitani pa Advanced Search pali mabokosi osanjikizana. Bokosi loyamba muikemo "sleep deprivation" OR "sleep quality" OR insomnia, lachiwiri "academic performance" OR grades OR GPA, lachitatu student* OR undergraduate*, ndipo pakati pa mabokosiwo musiye AND. OR imakulitsa chifukwa ikuti lililonse mwa mawuwa ndilandira, AND imachepetsa chifukwa ikuti zonse zitatu zikhalemo. Anthu amasokoneza pamenepa amaganiza kuti AND ikuwonjezera zinthu, ayi ndithu. Timakoteshoni timachititsa kuti mawu awiriwo apezeke ali limodzi motsatana, kanyenyezi kaja kamagwira mathero onse a liwu, mwachitsanzo adolescen* ikupatsani adolescent, adolescents ndi adolescence kamodzi.

Makoswe aja akhoza kuchoka ndi NOT koma ine NOT ndimaiopa, imatha kukutayitsa article yabwino chifukwa choti wolemba anangotchula khoswe kamodzi mu abstract. Bokosi la student* lija liwathamangitsa lokha. Mukapeza zotsatira chongani pa peer reviewed, kutanthauza zomwe akatswiri ena anaziunika zisanasindikizidwe, ndipo muike zaka, masupavayiza ambiri amafuna za zaka 5 kapena 10 zapitazi. Kenako, ichi ndiye chinandipulumutsa ine, mukapeza article imodzi yokha yogunda pamutu wanu itseguleni muone ma subject terms omwe aipatsa, mawu amenewo ndi omwe database imagwiritsa ntchito, akopereni nkusetchanso nawo.

Chinanso EBSCOhost si database imodzi, ndi nyumba chabe, mkatimo muli Academic Search, ERIC, CINAHL kutengera zomwe koleji yanu inagula. Onani kuti mwachonga ziti musanasetche.

Jah_Bless:
Inu mukuvutikiranji, Google Scholar basi. Ine digiri yonse ndinamalizira pomwepo sindinalowepo pa EBSCO olo tsiku limodzi kkkk

WapaDesiki:
Scholar ndi yabwino sindikukana, makamaka ka Cited by kaja, kamakuonetsa omwe anatchula article imeneyo pambuyo pake ndiye umayenda kutsogolo mpaka kufika pa zatsopano. Ndipo mukapita mu Settings pa Library links nkusankha koleji yanu, ngati inalembetsa, linki ya laibulale imaoneka pambali pa zotsatira. Koma ilibe batani la peer reviewed, imasakaniza ma thesis, ma preprint (ma article omwe sanaunikidwebe) ndi timajenolo tachinyengo tija tongofuna ndalama za wolemba, tosindikiza chilichonse pasanathe sabata. Munthu amene wabwezeredwa kale chaputala chifukwa cha magwero ndi bwino asamale.

Pa mutu wa achemwaliwa ine ndikanayamba ndi PubMed pa mbali ya tulo, ndi yaulere kwa aliyense ndipo ili ndi MeSH, mawu osankhidwa kale omwe amamata pa ma article, Sleep Deprivation alimo. Mbali ya maphunziro ERIC, nayonso ili ndi webusaiti yake yaulere.

Nachisale22:
Eeh zikomo kwambiri, ndachita za mabokosi atatu zija zatsika kufika poti munthu ungathe kuwerenga mitu yonse, makoswe apita. Koma pali article ina ya chaka chatha yomwe ikugwirizana ndi mutu wanga ndendende, ndalowa kudzera ku laibulale koma ikungondipatsa abstract. Ndiye kuti akaunti yanga ili ndi vuto?

MaiWaMapasa:
Akaunti ili bho mwana wanga. Mwina koleji sinagule jenolo imeneyo, kapena pali embargo, majenolo ena amabisa zatsopano kwa miyezi 12 kapena kuposa asanazipereke ku database. JSTOR ndiye kwambiri, majenolo ambiri kumeneko amatsalira zaka zitatu mpaka zisanu, ndi yabwino pa zakale osati za dzulodzuloli.

Kopani DOI yake, nambala yozindikiritsa article ija, imayamba ndi 10. ndipo muyese kuisaka pa Scholar mudine All versions, nthawi zambiri wolemba amakhala anaika kope pa webusaiti ya yunivesite yake. Pali ka Unpaywall koika pa Chrome kapena Firefox, kakapeza kope yaulere yovomerezeka kamaonetsa loko wobiriwira pambali. Funsaninso ku laibulale ngati ali pa Research4Life, makoleji a m'mayiko osauka amapeza majenolo ambiri kudzera mmenemo, za umoyo zili mu Hinari yomwe WHO inayambitsa mu 2002. Zikakanika zonse lemberani wolembayo imelo, adiresi imakhala pa peji yoyamba, ine pa masters yanga ndinkachita manyazi koma ambiri ananditumizira, wina mpaka anawonjezera ina yomwe sindinapemphe.

Ndipo ikani Zotero lero lomwe, pulogalamu yosungira ma article ndi ma reference, ndi yaulere. Ine ndinasunga ma PDF pa desktop ali ndi mayina ngati download(7), tsiku lolemba ma reference ndinalira.

Nachisale22:
All versions yagwira ntchito, ndaipeza pa webusaiti ya yunivesite ina koma yalembedwa kuti accepted manuscript, kope ya wolemba yomwe jenolo inavomereza isanaisindikize, ndipo manambala a mapeji akuyambira pa 1, sakufanana ndi a mu jenolo. Ndikafuna kukopa mawu ake enieni ndilemba peji iti? Mawa ndikafunsa ku desiki, pano ndiyambe ndaika Zotero.