Kuwonjezera nthawi ya viza: kodi ndingatuluke m'dziko pempho lisanayankhidwe?

Mlendo_kutali:
Moni nonse. Ndikukhala kunja pa viza ya nthawi yaitali yomwe ikutha miyezi ikubwerayi, ndipo ndikufuna kupempha kuti andiwonjezere nthawi. Vuto ndi lakuti ndikuyenera kupita kwathu pa nkhani ya m'banja, ndipo ulendowo ungagwe pa nthawi yomwe pempho langa lidzakhale likuunikidwa. Kodi ndipereke mapepala ndisananyamuke, kapena ndikabwereko kaye? Komanso viza ikatha yankho lisanatuluke, kodi ndidzakhala ndikuphwanya lamulo?

Wakale_pano:
Achimwene, simunatchule dziko lomwe muli, ndipo yankho lagona pamenepo. Ku UK, munthu akapereka pempho viza yake isanathe, gawo 3C la lamulo la Immigration Act la 1971 limamulola kupitiriza kukhala mwalamulo mpaka yankho litatuluka. Koma akangotuluka m'dera la Common Travel Area, lomwe ndi UK, Ireland, Isle of Man ndi Channel Islands, pempholo amalitenga ngati walibweza yekha, ndipo chitetezo chija chimathera pomwepo. Ngati muli kumeneko, pitani kwanu msanga, mubwerere viza ikadali ndi masiku, kenako mupereke mapepala.

Mayi_wa_ku_Joni:
Ngati ndi ku South Africa, samalani kwambiri, bambo. Pempho limadzera ku ofesi za VFS Global, kampani yolandira mapepala a viza m'malo mwa boma, ndipo malamulo a 2014 amafuna kuti liperekedwe kutatsala masiku osachepera 60 viza isanathe. Anthu ambiri amapusitsidwa ndi kalisiti kamene amalandira akapereka mapepala, amakapinda bwinobwino m'pasipoti n'kumaganiza kuti ndi chilolezo, pamene ndi umboni chabe wakuti pempho linalandiridwa. Wogwira ntchito pa bwalo la ndege la OR Tambo amayang'ana tsiku lolembedwa pa viza. Amene wapyola ndi masiku osaposa 30 akhoza kuletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi, ndipo amene wapyola ndi masiku oposa 30 chiletso chake chimafika zaka 5. Apilo ilipo, koma mumaichita muli kunja kale, ntchito ndi nyumba mutazisiya m'mbuyo.

N'zoona kuti chifukwa cha kuchedwa kwa mayankho, a Home Affairs, nthambi ya boma yoona za ma viza, akhala akulengeza chilolezo chapadera kwa amene akudikira. Komabe chilolezocho chimakhala ndi tsiku lake lothera ndiponso magulu a anthu amene chikuwakhudza, choncho muwerenge nokha chikalata chomwe chikugwira ntchito pa nthawiyo, osadalira zimene mwamva pa WhatsApp.

Wophunzira_Lyon:
Ku France pempho la chitupa chokhalira m'dziko limaperekedwa pakati pa miyezi 4 ndi miyezi 2 viza isanathe, ndipo wochedwa amalipira ma euro 180 owonjezera. Mukamadikira amakupatsani chikalata chosonyeza kuti pempho likuunikidwa, koma si zikalata zonse zoterezi zimene zimalola munthu kutuluka ndi kulowanso, ndiye muwerenge mawu olembedwa pa chanucho musanagule tikiti.

Chinanso chimene anzathu sanatchule ndi pasipoti. Ngati yatsala pang'ono kutha, yambani mwakonza imeneyo, chifukwa mayiko ambiri sapereka viza yopitirira tsiku lomwe pasipoti ikuthera. Tiuzeni dziko ndi mtundu wa viza yanu kuti odziwa za kumeneko akuthandizeni mwachindunji.