Ubuntu pambali pa Windows, koma m'laputopumo muli zithunzi za maliro a mayi

NaPhiri wa ku Highfield:

Moni nonse abale. Mwana wanga wayamba maphunziro a makompyuta ndipo akufuna Ubuntu 24.04 (pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows) pa laputopu yanga, ya SSD ya 256GB, momwe muli Windows 11. Dzulo usiku tinayatsa ndi flash mpaka tinafika pomwe imafunsa kuti tiike bwanji. Mnyamatayo anali atasankha kale "Erase disk and install Ubuntu", ine ndinamugwira dzanja. Mmenemo muli zithunzi ndi mavidiyo a maliro a mayi anga ku Dedza, komanso miyezo ya makasitomala onse amene ndawasokera zovala kuyambira 2019. Sindinasunge pena paliponse. Magawo a disiki tikuona anayi, kena kakang'ono ka 260MB, iye akuti kalibe ntchito tikachotse. Ndi zoona? Tigawe bwanji kuti pasaonongeke kanthu?

Achimwene a ku Mbare:

Mayi, dzanja limenelo munaligwira pa nthawi yake. Mukanadina, zonse zikanapita.

Musanaganize n'komwe zogawa, pezani hard drive yakunja, ngakhale yobwereka, mukopere zithunzizo ndi miyezoyo. Mukatero kailumikizeni pa kompyuta ina, mutsegule vidiyo imodzi, muione ikusewera ndi maso anu. Ambiri amati ndakopera, pomwe anakopera ma shortcut okha.

Kagawo ka 260MB musakakhudze. Ndi ka EFI, m'menemo ndi momwe muli mafayilo odzutsira Windows, ndipo Ubuntu nayo idzaikamo GRUB yake, kapulogalamu kosankhira kuti mudzutse Windows kapena Ubuntu. Mukakachotsa kapena kukafomata, Windows siidzukanso ngakhale mafayilo anu ali bwinobwino. Ka 16MB ndi ka Recovery tisiyeninso momwe tilili.

Malo muwatenge pa C: basi, ndipo ine ndimakonda kuchepetsera mu Windows momwemo, chifukwa NTFS, kasungidwe ka mafayilo pa C:, ndi yake, imaidziwa bwino. Tsegulani Disk Management, dinani C: ndi batani lakumanja, musankhe Shrink Volume. Imawerenga mu MB, ndiye 61440 ndi 60GB. Malo otsalawo muwasiye opanda kanthu, Ubuntu idzawapeza yokha. Muzimitsenso Fast Startup, popeza ikakhala yoyaka Windows siitseka disiki kwenikweni. Onaninso ngati BitLocker, loko ya Windows yotsekera disiki, ili yoyaka. Ngati ili choncho, lembani papepala kiyi yake ya manambala 48, kawirikawiri imapezeka mu akaunti yanu ya Microsoft, kenako muzimitse BitLocker ndi kudikira imalize.

Mdzukulu wa aChewa, Mufakose:

Achimwenewa anena zonse, ine ndiwonjezere za magetsi, chifukwa zinandionekera. Chaka chatha ndinkasuntha gawo ndi GParted, pulogalamu yogawira disiki, pa laputopu ya batire yakufa. Kamzere kali pakatikati, babu m'chipinda thii, sikirini bii. Magetsi atabwera usiku, gawolo silinatsegukenso. Zithunzi za ubatizo wa mwana wanga zinathera pomwepo, mpaka lero mayi ake akazikumbukira amangokhala chete.

Kuchepetsa gawo kumapeto kwake sikuchedwa, koma kusuntha poyambira pake kumakopera deta yonse, ndipo kungatenge maola. Inu musasunthe chilichonse. Batire ikhale yodzaza, chaja chili cholumikiza, ndipo ngati kwanuko akuzimazima pitani kwa mnzanu wa sola. Hard drive yakunjayo muizule musanayambe kuika, kuopa kusokoneza maina a madisiki monga sda ndi nvme0n1 n'kufufuta yolakwika.

NaPhiri wa ku Highfield:

Zikomo kwambiri nonse, pepaninso ndi za ubatizozo achimwene. Ndabwereka hard drive kwa mlamu wanga, ndakopera, ndipo vidiyo ya kumanda ndaionera pa kompyuta yawo mpaka kumapeto, misozi ili chuchuchu. BitLocker inalidi yoyaka, sindinkadziwa n'komwe. Koma Shrink Volume yakana 60GB, ikungolola 41GB. Tikakamize ndi GParted?

Achimwene a ku Mbare:

Ayi mayi, musakakamize. Pali mafayilo ena amene Windows singawasunthe ili yoyaka, ndiwo aika malirewo. Ubuntu imafuna 25GB kuti ilowe, ndiye 41GB imukwanira mwanayo poyambira. Sankhani "Install Ubuntu alongside Windows Boot Manager", ndipo tsamba lomaliza losonyeza zosintha muwerenge nonse awiri mokweza. Mukaona kuti ikufuna kufomata gawo la NTFS kapena ka 260MB kaja, bwererani m'mbuyo, mujambule ndi foni mutitumizire.