Ogulitsa ma diamond ndi UC, netiweki ikagwa ndi mvula mumatani?

Anzanga ogulitsa ma diamond a Free Fire ndi UC ya PUBG (ndalama zogulira zinthu m'masewera a pa foni amenewa) ku Angónia ndi Moatize, ndithandizeni dzinja lisanafike. Namondwe ngati Ana, uja anagumula mlatho wa Revúbuè mu 2022, amagwetsa mapolo a magetsi, ndipo mabatire a nsanja za netiweki akatha intaneti imazima. Wogula amakhala atatumiza kale ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola, poti zimenezi zimayenda ndi USSD (makodi oyimba pa foni osafuna intaneti), koma kuthira ma diamond pa ID yake ya m'masewera kumafuna data. Mumamubwezera pakapita maola angati? Nanga mtengo wa kogula ukakwera musanamuthirire, amaluza ndani? Ndipo SIM yachiwiri imathandizadi, kapena nsanja zonse zimagwera limodzi?