Alendo achihindu pa msonkhano wa zipembedzo: tiwaphikire chiyani?

Wa ku Namwera:
Moni nonse. Tikukonza msonkhano wa atsogoleri a zipembedzo ku boma kuno, ndipo mwa alendo muli Ahindu awiri ochokera ku Blantyre. Nyama tagula ya halaal kale chifukwa cha Asilamu. Kodi zakwanira, kapena tingowakazingira chambo?

Wa ku Monkey Bay:
Achimwene, halaal ndi lamulo la Asilamu, Mhindu silimukhudza. Anthu amasokoneza chifukwa amwenye ambiri m'dziko muno ndi Asilamu. Ahindu amalemekeza ng'ombe, ndiye nyama yake isayandikire n'komwe mbale zawo. Ambiri a kuno makolo awo adachokera ku Gujarat, dera la ku India, ndipo ochuluka sadya nyama iliyonse, nsomba ngakhale mazira. Chambo chathuchi chinone bwanji, musawapakulire musanafunse.

Aphikireni mpunga, nandolo kapena nyemba, therere, mbatatesi ndi chapati. Mkaka ndi chambiko palibe vuto. Koma zinthu zimalakwikira kukhitchini, osati patebulo. Wophika amaponya kakyubu ka supu wa nkhuku mu nyemba kuti zikome, wina amakazinga mbatatesi m'mafuta omwe atsala ku usipa, winanso amatakasa ndiwo zonse ndi chipande chimodzi. Kwa mlendo wosunga mwambo, chakudya chimenecho chadetsedwa. Patulani poto, chipande ndi mafuta atsopano, ndipo munthu mmodzi aziyang'anira zimenezo basi. Keke nayo imakhala ndi mazira, bola zipatso.

Wa ku Malindi:
Onaninso tsiku lake, bambo. Pali kusala kotchedwa Ekadashi, komwe kumabwera kawiri pa mwezi potsata kuwala kwa mwezi kumwamba. Osunga tsikuli sadya mpunga, tirigu kapena nyemba, amangodya zipatso, mtedza ndi mkaka. Ena sadyanso anyezi ndi adyo. Diwali, chikondwerero chachikulu cha Ahindu, imagwa mu Okutobala kapena Novembala, tsiku lake limasintha chaka ndi chaka, ndipo ndi nthawi ya banja, kuwaitana sabata imeneyo n'kudzivuta. Alendowo aimbireni foni sabata ya msonkhano isanakwane, afunseni mmodzimmodzi, chifukwa sikuti onse amasala zofanana.

Wa ku Mpondasi:
Pa moni musakakamize kugwirana chanza, makamaka ndi amayi. Akaphatikiza manja pachifuwa n'kunena kuti namaste, inunso bwezani chimodzimodzi. Powapatsira chakudya gwiritsani dzanja lamanja, monga tichitira kwathu kuno.