Dzino lakutsogolo lizulidwa Lachinayi, nanga fupa tilisunga bwanji?

Dotolo wa ku Kawale:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi mayi wa zaka 34, mphunzitsi. Anagwa pa kabaza, dzino lakutsogolo lam'mwamba linathyoka ndipo muzu unang'aluka mpaka pansi. Kulipulumutsa sizitheka. Akufuna implant, kachitsulo kolowetsa m'fupa kogwira dzino lochita kupanga, koma ndalama akuti zipezeka chaka chamawa. Achimwene awo a ku Johannesburg awauza za BMP-2, puloteni yomeretsa fupa, akuti amangoika m'dzenje la dzino fupa n'kumera. Alipo anaigwirapo kuno ku Lilongwe?

Mayi Dotolo a ku Area 47:
Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanazule. Chaka ndi nthawi yaitali. Dzino likachoka, fupa la nsagwada limatha kuphwa pafupifupi theka la kunenepa kwake m'miyezi 12, ndipo lambiri limapita m'miyezi 3 yoyamba. Kutsogoloko khoma la fupa la mbali ya mlomo ndi lopyapyala ngati chikamba cha mtedza, nthawi zambiri silifika milimita imodzi.

BMP-2 si nthano ayi. Gwero lake ndi kafukufuku wa Marshall Urist wa 1965, ndipo FDA, bungwe loona za mankhwala ku America, linavomereza Infuse, BMP-2 ya kampani ya Medtronic, pa maenje a mano mu 2007. Amainyowetsa pa kasiponji ka collagen, imakopa maselo kuti asanduke omanga fupa. Koma mtengo wake, mphunzitsi wathuyu angathere pomwepo ndalama ya implant. Imatupitsanso nkhope kwambiri.

Akulu opuma pantchito:
Mwanawe, usanaganize zothira, ganiza za dzanja lako. Ine ndaona makoma ambiri akuthyoka ndi elevator (chitsulo chotukulira dzino) ya munthu wofulumira chifukwa pabenchi padzaza. Lowa ndi periotome, kampeni kopyapyala kodulira zogwira muzu, pang'onopang'ono, kanikizira mbali ya m'kamwa, osati ya mlomo. Usafunyulule nkhama. Ndipo chija tinkaphunzitsidwa kale, chofinya dzenje ndi zala ukazula, pa mayi awa usachite.

Mayi Dotolo a ku Area 47:
Zoona akulu. Ine ndimagwiritsa PRF, njira ya Choukroun wa ku France. Zokulitsa fupa zili kale m'magazi a wodwala: PDGF, TGF-beta, VEGF. Mumatenga machubu a 10 ml, kuzungulitsa pa makina a centrifuge, pakati pamatuluka chinthu chachikasu chonanda, ndiye PRF-yo. Mumachidula ndi sizasi pamwamba pa magazi ofiirawo.

Dotolo wa ku Kawale:
Amayi, ndinayesapo kamodzi, zinakanika. Munatuluka madzi okhaokha.

Mnzanu wa ku labu:
Bwana, chubu chinali cha chivindikiro chamtundu wanji?

Dotolo wa ku Kawale:
Chapepo, cha full blood count chija.

Mnzanu wa ku labu:
Vuto linali pamenepo. Chapepo chili ndi EDTA, ntchito yake n'kuletsa magazi kuundana, pamene inu mukufuna aundane. Tengani chofiira chopanda mankhwala, chagalasi chikapezeka. Mukangotenga magazi, mulowetse nthawi yomweyo. Mukayenda nawo kupita chipinda china ayamba kale kugwirana. Ambiri amaika 2700 rpm (kuzungulira ka 2700 pa mphindi) kwa mphindi 12, koma makina amasiyana kukula, ndiye yesani kaye ndi magazi anu. Musaiwale chubu cha madzi mbali inayo kuti makina asapendekeke. Muonenso za magetsi, akathima pakati mwataya zonse.

Mayi Dotolo a ku Area 47:
Koma ndisakunamizeni. PRF imapoletsa bala msanga, ululu umachepa, koma imasungunuka m'masabata ochepa. Yokha singagwire khoma chaka chathunthu. Ine ndimaidula tizidutswa, kusakaniza ndi Bio-Oss yomwe imachedwa kutha, kudzaza mosatsendera, pamwamba kuphimba ndi PRF yophwatalala, n'kusoka mopingasa. Muwauze mayiwo kuti Bio-Oss ndi fupa la ng'ombe loyeretsedwa, ena chikhulupiriro chawo chimafuna adziwe.

Akulu opuma pantchito:
Mphunzitsi sangaime pamaso pa ana ndi gweru, adzafuna dzino loikirira. Ulipale kunsi kuti lisatsamire pabala. Shuga wawayeza? Fodya?

Dotolo wa ku Kawale:
Shuga ali bwino, fodya sasuta. Machubu ofiira ndipeza mawa. Amayi, Bio-Oss ya dzenje limodzi mungandibwereke? Ndibweza ikafika yanga.

Mayi Dotolo a ku Area 47:
Tumani munthu Lachitatu masana. Mukazula, gwirani khomalo ndi probe, kachitsulo kofufuzira, kuzungulira konse. Likapezeka lathyoka mundiimbire asanachoke pampando, pafunika membrane, kansalu kophimba pothyokapo.