Zaka 16 kuti achotse jaji mmodzi: chinachedwetsa nkhani ya John Hlophe n'chiyani?

Nabanda:
Ndakhala ndikutsatira nkhani ya a John Hlophe, omwe anali mkulu wa majaji ku khothi lalikulu la Western Cape ku South Africa. Dandaulo loti iwo anayesa kunyengerera majaji awiri a khothi loona za malamulo oyendetsera dziko, a Bess Nkabinde ndi a Chris Jafta, kuti akomere a Jacob Zuma, omwe pambuyo pake anakhala pulezidenti wa dzikolo, pa mlandu wa katangale pogula zida za nkhondo, linaperekedwa mu 2008, koma aphungu anadzavota kuti achotsedwe pa 21 February 2024. Kodi zaka zonsezi zinathera kuti?

A Gama:
Mayi Nabanda, gawo 177 la malamulo oyendetsera dzikolo linalembedwa dala kuti jaji asachotsedwe mwachisawawa. Bungwe loona za majaji la Judicial Service Commission liyenera kupeza kuti walakwa kwambiri, kenako aphungu awiri mwa atatu aliwonse avomereze, ndipo pamenepo m'pamene pulezidenti amamuchotsa. Komabe, lamulo si limene linadya nthawi. Mu 2009 bungwelo linangoitaya nkhaniyi osafunsa mboni mozama, mpaka khothi la apilo linalamula mu 2011 kuti iunikidwenso, ndipo kuchokera apo pafupifupi sitepe iliyonse inkakathera kukhothi. Chigamulo choti a Hlophe analakwadi chinabwera mu 2021, koma anaimitsidwa ntchito mu December 2022. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti zaka zambiri mwa zimenezi iwo ankagawabe milandu kwa majaji anzawo.

Nachisale:
Tisaiwale jaji wina, a Nkola Motata, omwe aphungu anavotanso kuti achotsedwe tsiku lomwelo. Iwo anagunda mpanda wa nyumba ya munthu ku Johannesburg ndi galimoto yawo ya Jaguar mu January 2007 ataledzera, ndipo mwini nyumbayo anajambula mawu amene ankayankhula pamalopo. Ngakhale umboni unalipo wotere, bungwe lija linaona kuti chindapusa n'chokwanira, mpaka khothi la apilo linakana maganizowo mu 2023, a Motata atapuma kale pa ntchito.

A Gama:
Zoonadi mayi. Ndipo a Hlophe sanakhalitse pakhomo: patangopita miyezi yochepa analowa m'nyumba ya malamulo yomwe inawachotsayo ngati mtsogoleri wa aphungu a chipani cha a Zuma cha MK, nasankhidwa kukakhala m'bungwe lomwelo limene linawapeza olakwa. Khothi ndi limene linawaletsa kukhala nawo pa mayeso osankha majaji atsopano.